Mlendo Akalowa M'tchalitchi Mwanu: Kuyambira Pakhomo Mpaka ku Mlaga

Lamulungu loyamba nditangofika mu Blantyre kuchokera kwathu ku Mulanje, ndinavala jekete langa limodzi lomwelo n'kukalowa m'tchalitchi cha m'dera lomwe ndinapeza nyumba ya lendi. Ndinakhala pa benchi yachitatu kuchokera kutsogolo. Nyimbo yoyamba isanathe, mayi wina anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti, "Pepani bambo, pamenepa pali eni ake." Ndinasamuka maso onse ali pa ine. Nthawi ya zolengeza itakwana anatiimiritsa alendo tonse, natiwombera m'manja katatu, kwaya n'kutiimbira. Koma mapemphero atatha palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa dzina. Ndinaima pansi pa mtengo kwa kanthawi ngati ndikudikira munthu, kenako ndinauyamba wobwerera kunyumba.

Lero ndine mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zingapo ntchito yolandira alendo ili m'manja mwa kagulu kathu. Zimene ndalemba panozi ndi zimene taphunzira, zambiri mwa izo titalakwitsa kaye. Ndikulemba monga wa CCAP, choncho mawu ngati mlaga (kagulu ka akhristu a dera limodzi), sesoni (bwalo la abusa ndi akulu a mpingo) ndi Mvano (bungwe la amayi) ndi akwathu. Abale a Katolika, pamene ndalemba mlaga inu muwerenge mphakati. A Adventist, pamene ndati Lamulungu muikepo Sabata.

Mzinda uno ndi wa obwera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo mukafunsa pa siteji ya minibasi kuti "kwanu n'kuti", ochepa ndi amene angayankhe kuti konkuno. Ena atchula Thyolo, ena Mangochi, Nsanje, Ntcheu, ena mpaka Karonga. Ngakhale mpingo womwewo unafika ngati mlendo. Henry Henderson ndi Tom Bokwito ankayenda kufunafuna malo mpaka anafika m'dziko la Mfumu Kapeni, ndipo mishoni inakhazikika mu 1876, n'kupatsidwa dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene timanyadira chija chinadzamangidwa pambuyo pake, kuyambira 1888 mpaka 1891, pa malo amene eni dziko analola alendo kukhalapo.

Munthu akasiya mudzi wake amasiyanso amalume, ankhoswe, amfumu ndi onse amene akanamuthamangira pa tsoka. M'tauni muno amene amalowa m'malo mwa onsewo ndi mpingo. N'chifukwa chake kuwomba m'manja sindikuwerengera ngati kulandira. Mlendo walandiridwa pamene a ku mlaga akudziwa dzina lake ndi khomo la nyumba yake, moti mwana wake atadwala pakati pa usiku angadziwe woti amuimbire foni.

Konzekani tsiku lisanafike

Sankhani anthu anayi kapena asanu okhazikika, osati aliyense amene wangofika msanga tsikulo. Pakhale abambo, amayi ndi wachinyamata. Kumwetulira kokha sikukwanira: mufunika anthu amene atha zaka mumpingomo, chifukwa wodziwa nkhope za eni mudzi ndiye amazindikira nkhope yachilendo. Ngati pali wolankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, musamusiye. Gogo wochokera ku Chikwawa akamva moni wa kwawo pakhomo la tchalitchi, mtima umakhala pansi asanalowe n'komwe.

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba lolembamo alendo, ndi zolembera ziwiri. Kopelo lisunge munthu mmodzi, lisamagone m'vesitili momwe aliyense angalitsegule.

Kenako tulukani kumsewu mukaone chikwangwani chanu. Mipingo yambiri mumzinda muno ili ndi mapemphero a Chingerezi m'mawa, a Chichewa pambuyo pake, koma chikwangwani chimanena nthawi ya zaka zisanu zapitazo. Munthu amene walipira kabaza kuchokera ku Machinjiri n'kupeza anthu akutuluka sabweranso. Onaninso chimbudzi, ndowa ya madzi ndi sopo. Mayi wa mwana wamng'ono amafika kuchimbudzi asanamve ulaliki, ndipo mpingo amauweruzira komweko.

Pakhomo

Fikani mphindi 30 mapemphero asanayambe, ndipo mmodzi atsale pakhomo mpaka ulaliki utayamba, chifukwa alendo ambiri amachedwa: amasochera, kapena amachita dala kuti alowe anthu ali m'kati mwa nyimbo.

Moni wake ndi womwewo wa masiku onse. "Mwadzuka bwanji, mayi? Takulandirani." Wamkulu mupatseni moni ndi manja awiri, wachinyamata mumutche achimwene kapena achemwali. Funso limene muyenera kulipewa ndi lakuti "Ndinu mlendo?" Ine ndinafunsapo choncho bambo wina, ndipo anandiyankha mofatsa kuti, "Ndakhala ndikupemphera muno zaka ziwiri, akulu." Manyazi anandigwira tsiku lonse. Chiyambire pomwepo ndimayamba ndi kudzitchula ndekha: "Sindikukumbuka ngati tinalonjeranapo, ine ndine wakutiwakuti, wa mlaga wa kumtunda kwa msika." Akakhala wakale anena, akakhala watsopano anenanso, ndipo palibe amene wachita manyazi.

Za zovala muzisiye pakhomo. Mtsikana akabwera atavala thalauza, kapena mnyamata atapota tsitsi, si ntchito ya wapakhomo kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ngakhale kumuthamangira ndi chitenje anthu akuona. Ngati mpingo wanu uli ndi mwambo pa kavalidwe, adzaumva kwa mayi amene wapalana naye kale ubwenzi, patapita milungu. Woledzera amene sakusokoneza mulekeni akhale kumbuyo pafupi ndi mmodzi wa inu. Ena mwa akulu a mpingo amene mukuwaona lero analowa choncho.

Pomukhazika

Musamuloze ndi chala kuti "kakhaleni uko". Pitani naye. Ngati kwanu abambo amakhala mbali ina amayi mbali ina, muuzeni, ndipo banja likafuna kukhala pamodzi musalilekanitse pa tsiku loyamba. Mukhazikeni pafupi ndi munthu amene munagwirizana naye kale, woti atsegule naye limodzi buku la nyimbo, amuonetse vesi, amunong'oneze poimirira ndi pokhala. Wochokera mpingo wina sadziwa kuti kwathu timaimirira Baibulo likamalowa. Ana ake muwaperekeze ku Sande sukulu mayi wawo akuona, adziwe chipinda chake ndi mphunzitsi wake. Mwana akakana, asakakamizidwe.

Nkhani ya mabenchi okhala ndi eni ake ndi yofunika abusa aitchule pa guwa, chifukwa wapakhomo sangalimbane ndi gogo amene wakhala pamalo amodzi kuyambira nthawi ya Kamuzu. Koma pali tsankho lina lomwe timachita ife eni ake olandira. Wotsika pa galimoto timamuthamangira, kumunyamulira chikwama ndi kumupezera mpando kutsogolo, pamene wobwera wapansi, fumbi la ku Mbayani lili m'mapazi, timangomugwedezera mutu. Kalata ya Yakobo mutu 2 imanena za zomwezi, za wovala mphete yagolide ndi wovala nsanza, ngati kuti wolembayo anaima nafe pakhomo Lamulungu lapitali.

Likakhala tsiku la Mgonero wa Ambuye, muuzeni mwambo wa mpingo wanu asanakhale pansi, ndipo ngati ndi mkhristu wa mgonero kumene achokera, mukumanitseni ndi mlembi wa sesoni mapemphero asanayambe. Kubweza munthu mbale ili kale m'manja ndi bala limene silipola msanga.

Nthawi ya alendo

Apa ndi pomwe ambiri timaganiza kuti ntchito yonse ili, koma ndi kachigawo kochepa chabe. Mufunseni pakhomo pomwe ngati angakonde kutchulidwa. Ena amakondwera kuimirira ndi kupereka moni wochokera kumpingo kwawo. Ena abwera ndi mtima wosweka: banja latha, ntchito yatha, aika maliro sabata yatha, ndipo chimene akufuna ndi kukhala phee pakati pa anthu. Woteroyo mukamupatsa chimkuzamawu kuti anene dzina, kochokera ndi "cholinga chobwerera", mwamuthamangitsa.

Njira yomwe ife tinaipeza yabwino ndi yakuti wotsogolera atchule mayina a amene avomera pakhomo kuti atchulidwe, owatchulawo aimirire pomwe ali, mpingo uwalandire, basi. Mafunso akuti ali pabanja kapena ayi, ngakhale mwanthabwala, asamveke. Anthu amaseka, koma mtsikana amene akusekedwayo saseka nawo.

Chenjeraninso ndi chopereka. Kwathu timaitana mlaga ndi mlaga, ndipo kale tinkamaliza ndi kuti "tsopano alendo onse". Amene wabwera ndi ya minibasi yokha amatsala pa benchi yekhayekha, tchalitchi chonse chikumuona. Tinasiya. Mlendo akafuna kupereka amapita limodzi ndi amene wakhala naye. Likakhala tsiku la Paper Sunday, losonkhetsa ndalama za mpingo, muuzeni poyera kuti za lero ndi za eni mpingo. Envulopu ya chitukuko cha holo si moni.

Mapemphero akangotha

Mphindi khumi zimenezi ndi zimene zimagamula ngati munthu adzabwerenso. Tsoka lake ndi nthawi yomweyo imene aliyense amathamangira ku msonkhano: a Mvano uku, a kwaya uko, madikoni kowerenga ndalama. A kagulu kolandira alendo asakhale ndi msonkhano wina uliwonse pa nthawiyi. Mufikeni mlendo asanafike pa geti.

Ngati thumba likulola, tiyi ndi mandasi kapena kapu ya thobwa zimamasula lilime kuposa mafunso. Ngati sililola, mthunzi ndi benchi n'zokwanira. Chezani kaye, kope libwere pambuyo, ndipo mupemphe: "Mungalole kuti tilembe dzina lanu ndi nambala kuti tidzakuyendereni?" Akakana, muthokozeni, musaumirire.

Polemba kumene akukhala, "Ndirande" kapena "Bangwe" si adiresi. Ndirande ndi dziko. Lembani siteji yotsikira, kenako chizindikiro: kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi kiyosiki ya madzi, mpanda wa malata pafupi ndi okala yobiriwira. Lembaninso dzina limene aneba amamudziwa nalo, chifukwa mukakafunsa dzina la pa chitupa palibe amene akakulozereni, koma mukati "amake a uje, ogulitsa tomato aja" mwana aliyense akuperekezani. Funsani nthawi imene amapezeka. Mlonda amagona masana. Wantchito ya m'nyumba ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe mwina Lamulungu ndilo tsiku lokhalo lopuma, ndipo nyumba imene akukhalayo si yake yoti angalandiriremo anthu. Wogwira m'mafakitale a ku Makata amasinthana mashifiti.

Musanasiyane, muonetseni munthu mmodzi wa ku mlaga wa dera lake, mumutchule dzina. Mmodzi, osati komiti. Ntchito ya aliyense imagona panja.

Nambala imene wakupatsaniyo musaiponye pa gulu la WhatsApp la mpingo musanamufunse. Tinachitapo zimenezi, ndipo mayi wina wamasiye anayamba kulandira mauthenga a usiku kuchokera kwa bambo wina wa mumpingo momwemo. Mayiyo sitinamuonenso, ndipo mlandu unali wathu.

M'kati mwa sabata

Muimbireni lisanadutse Lachitatu. Imbani ndithu, osafulasha kuti iye ndiye awononge mayunitsi. Mawu ake ndi ochepa: tinakondwa kukuonani, ana ali bwanji, mlaga wa kwanuko ukumana tsiku lakuti kwa akutiakuti, tidzakutengeni?

Kuyendera kunyumba kumafuna nzeru kuposa zonse zimene ndatchulazi. Pitani awiri, ndipo kwa mayi wokhala yekha pakhale mayi mnzake; bambo asapite yekha ngakhale atakhala mkulu wa mpingo wa imvi. Nenani tsiku ndi ola, osangotulukira. Musapite gulu. Anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi cha lendi, mwini nyumba akuthamanga kukabwereka mipando kwa landilodi ndi kukongola shuga pa okala, ndi chilango osati chikondi. Pewani nthawi ya nsima, ndipo ngati mungathe nyamulani kapaketi ka shuga kapena sopo. Theka la ola lakwana. Mlendo ndi mame, ndipo tsiku limenelo mlendo ndinu.

Mukapeza kuti mwamuna wake ndi Msilamu kapena wa mpingo wina, mupatseni ulemu wa mwini khomo, mupemphe chilolezo musanapemphere, ndipo musayambe mtsutso wa chipembedzo pa mkeka wa eni ake. Zimene mwaona m'nyumbamo, kaya ndi mphasa yokha pansi, kaya botolo pakona, zitsale momwemo. Mipingo yambiri sitaya alendo chifukwa cha ulaliki wosakoma koma chifukwa cha miseche ya amene anapita kukawaona.

Ku mlaga

Tchalitchi cha anthu mazanamazana sichingadziwe munthu. Mlaga ungathe. Tsiku loyamba mukamutenge kunyumba kwake, chifukwa kulowa pakhomo la munthu wosamudziwa uli wekha n'kovuta kuposa kulowa m'tchalitchi. Musafulumire kumuika pa mndandanda wa nyumba zolandira mapemphero, kapena wa zopereka za mwezi ndi mwezi. Ayambe waona, adzapempha yekha.

Mufotokozereni mosabisa mmene mlaga umayendetsera matenda ndi maliro, chifukwa limeneli ndi funso limene obwera ambiri ali nalo mumtima koma sangalifunse: ndikafera kuno, adzandiimbira ndani? Adziwe woti amuuze akagonekedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth, adziwe mmene chipepeso chimasonkhedwera, adziwenso zimene mpingo umachita ndi zimene sungathe, monga galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi. Ndaonapo mabanja akulira kawiri, kulira malemu ndi kulira kuti mpingo wakana kuimba maliro chifukwa dzina silikupezeka m'kaundula, chonsecho munthuyo wakhala akupemphera nafe zaka zitatu. Palibe amene anamuuza kuti kubwera Lamulungu lililonse ndi kulembedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Za kalata

Pakatha milungu itatu kapena inayi akubwerabe, mufunseni ngati akufuna kukhazikika. Wobwera ndi kalata yosamukira kuchokera ku mpingo wake, kaya wa Sinodi ya Blantyre, ya Nkhoma kapena ya Livingstonia, njira yake ndi yaifupi: kalata ipite kwa mlembi wa sesoni, alandiridwe pamaso pa mpingo. Ambiri alibe kalata. Anachoka kumudzi akuganiza kuti akukhala miyezi iwiri, ndipo papita zaka. Musamuuze kuti "pitani mukatenge" n'kumusiya, chifukwa ulendo wa ku Phalombe ndi kubwerera ndi ndalama ya ufa wa sabata. Masiku ano mlembi wa kuno angathe kulankhula ndi mlembi wa kumudziko pa foni, kalata n'kubwera ndi wachibale.

Ena sanabatizidwe ndipo ayenera kulowa kalasi. Ena achokera mipingo ina, ena anachoka kwawo ali pa chilango, ena ukwati wawo sunadalitsidwe, ena ali pa mitala. Nkhani zimenezi si zanu a pakhomo, si za mlaganso. Mutengereni kwa abusa akalankhule pawiri, inu n'kutseka pakamwa. Chimene mungamutsimikizire ndi chakuti pamene nkhani yake ikuyenda, benchi ndi yake, mlaga ndi wake.

Wa mpingo wina amene wangobwera kudzaperekeza mnzake, kapena wadzera ukwati, mulandireni n'kumulola apite. Kunyoza kumene munthu amapemphera kuti abwere kwanu ndi kuba nkhosa.

Obwera ndi vuto, ndi ongodutsa

Adzabwera ena opempha ya thiransipoti, ena akuti abedwa ku Wenela, ena akudikirira wodwala kuchipatala ndipo ufa watha. Ena akunena zoona, ena amazungulira matchalitchi ndi nkhani yomweyo. Musaweruze pakhomo, musatulutsenso ya m'thumba mwanu aliyense payekha. Gwirizanani kuti zoterezi zimapita kwa madikoni awiri. Wanjala mupatseni chakudya, wofuna ulendo mukamukweze ndi kulipira nokha kwa kondakitala. Wachinyengo amaonekera pomwepo, ndipo woona amathandizika. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, mabanja ambiri anasamukira m'madera ena alibe kalata, alibe chovala cha Lamulungu, alibe kanthu. Mpingo umene unali ndi dongosolo kale sunasowe poyambira.

Ophunzira a ku mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS ndi a m'makoleji ena amakhala nafe zaka zochepa n'kupita, ndipo kawirikawiri timawaona ngati a kwaya chabe. Banja limodzi likamuitana mwana wotere kudzadya nsima ya pakhomo kamodzi pa mwezi, makolo ake ali ku Rumphi amagona tulo.

Kumupatsa ntchito

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: amene wangofika amaona zimene eni ake tinazolowera. Mufunseni zimene ankachita kumpingo kwawo. Woimba apite ku kwaya, mayi wa Mvano akumane ndi amayi anzake, mmisiri aone nawo denga lodontha. Munthu amene wanyamula nawo njerwa sadzionanso ngati mlendo.

Koma pali ntchito ziwiri zosafuna changu: ndalama ndi ana. Tili ndi chizolowezi chakuti munthu akangooneka wa ndalama, mwezi usanathe ndi wapampando wa chitukuko, pamene mayi wogulitsa makala wakhala wokhulupirika zaka khumi osapatsidwa ngakhale kiyi wa kabati. Dikirani kalata yake ifike, mumudziwe. Ndipo munthu amene simukumudziwa bwino asatsale yekha ndi ana a Sande sukulu, ngakhale atalankhula mokoma chotani.

Akasiya kubwera

Akajomba milungu iwiri, uja munamupatsa kuti azimuyang'anira aimbe foni, osati ndi mawu akuti "mwatayika" kapena "mwabwerera m'mbuyo", koma kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chapafupi: mwana wadwala, nsapato yaduka, lendi yakwera ndipo asamukira ku Chirimba kapena ku Chigumula. Wosamuka muuzeni mpingo umene uli pafupi ndi kumene wapita, ndipo ngati mukudziwako munthu, alumikizeni. Amene wanena kuti wapeza kwina kopemphera mufunireni zabwino. Mukaimba kawiri osayankhidwa, mulekeni, koma mukakumana naye mu Limbe mupatseni moni wa dzina lake.

Miyezi itatu iliyonse kagulu kathu kamakhala pansi ndi kope lija. Timawerenga dzina limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse timafunsa kuti ali kuti munthuyu, ndipo anamuona komaliza ndani. Ulendo woyamba umene tinachita zimenezi, mayina ambiri anangodutsa m'chipinda muli zii, wina akuyang'ana mnzake. Dzina lina titaliwerenga, mayi wina anati, "Si aja ankakhala kuseri kwa chigayo aja? Ndinamva kuti mwamuna wawo anamwalira mwezi watha, anakaika ku Thyolo." Mlembi anatseka kope, ndipo Loweruka lotsatira amayi awiri ndi dikoni mmodzi anakwera minibasi ndi kathumba ka ufa kukafunsa njira pa chigayo paja.